Dzina Litsala ndi Yani?

Pa windo ya pulogalamu ya pakompyuta, palibe chinthu chooneka chosavuta ngati kabokosi koyera kolembamo mawu. Kalibe chithunzi, kalibe zokongoletsa, kangokhala ndi kamzere kothwanima kodikira zala za munthu pa kiyibodi. Komabe pa zonse zimene wolemba mapulogalamu a mawindo amakumana nazo, kabokosi kameneka n'kamene kamandikhalitsa chete nthawi yaitali. Munthu amalembamo dzina, dzinalo n'kuonekadi pa sikirini chilembo chilichonse, koma akadina batani losungira, pulogalamu imalandira mawu opanda kanthu. Nthawi zina pulogalamu ndi imene imaika mawu oyambira m'kabokosimo, koma windo potseguka kabokosi kali mbee. Sipatuluka uthenga wofiira, palibe chimene chimagwa. Zonse zimaoneka kuti zili m'malo mwake.

John Ousterhout anayamba chilankhulo cha Tcl mu 1988 ali ku University of California, Berkeley, ndipo Tk, chida chomangira mawindo, mabatani ndi timabokosi, chinatuluka mu 1991. Mu Tk, ukafuna kuti kabokosi kalumikizane ndi pulogalamu yako, umalemba mzere waufupi: `entry .e -textvariable dzina`. Kuyambira pamenepo kabokosiko ndi variable yotchedwa `dzina` zimayendera limodzi. Munthu akalemba chilembo, variable imasintha. Pulogalamu ikasintha variable, kabokosi kamasinthanso. Sufunikanso kulemba khodi yonyamula mawu uku kupita nawo uko. Ndimaona kuti ndi nzeru yokongola, ndipo kufewa kwakeko n'kumene kumatiiwalitsa kufunsa kuti variable imeneyi ikukhala kuti.

Funso limenelo ndi la scope. Dzina lililonse mu pulogalamu lili ndi malire a kumene limadziwika, komanso nthawi imene limakhala ndi moyo. Variable yobadwira mkati mwa function, imene mu Tcl amaitcha proc, ndi ya function yomweyo: imayamba nayo, imatha nayo. Variable ya global ili kunja kwa ma function onse ndipo imakhalapo mpaka pulogalamu itatsekedwa. Malangizo a Tk amanena mosabisa kuti dzina loperekedwa ku `-textvariable` ndi la variable ya global. Ndiye ukalemba proc yomanga fomu, mkati mwake n'kunena `set dzina "Chikondi"`, kenako n'kumangirira kabokosi ku `dzina`, wapanga zinthu ziwiri zosiyana zoitanidwa mofanana. Yokhala ndi "Chikondi" ija ndi ya mkati mwa proc, ndipo kabokosi sikaidziwa n'komwe. Iko kapita kukafunafuna `dzina` pa global, ndipo posaipeza, Tk yaipanga yokha yopanda kanthu. N'chifukwa chake sipamveka dandaulo lililonse. Kwa Tk palibe cholakwika chachitika: unatchula variable ya global, yakupatsa.

Munthu poyamba amaona ngati amene analemba Tk anangouma mtima. Bwanji osalola kabokosi kugwiritsa ntchito variable imene ili pomwepo, mzere umodzi pamwamba pake? Yankho lili mu nthawi. Pulogalamu ya mawindo imakhala ndi nthawi ziwiri. Yoyamba ndi yomanga: function imaika windo, timabokosi, mabatani, zonse m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, n'kubwerera kumene inaitanidwa. Yachiwiri ndi yodikira. Pulogalamu imalowa mu event loop, imene mu Python imayambitsidwa ndi `mainloop()`, n'kumangomvetsera ngati pali batani ladinidwa kapena chilembo chalembedwa. Munthu wogwiritsa ntchito pulogalamuyo amafika m'nthawi yachiwiriyi, mwina patapita masekondi angapo, mwina atapita kukadya nkhomaliro n'kubwerako. Pofika iyeyo, function yomanga ija inatha kalekale, ndipo malo a mu memory amene munali ma variable ake anabwezedwa. Kabokosi kakanamangiriridwa ku variable ya mkati, chilembo choyamba cha munthuyo chikanapita kumalo amene kulibenso. Pa chifukwa chomwechi, malamulo operekedwa kwa batani kudzera mu `-command` amayendetsedwa pa global, osati mkati mwa proc imene inawalemba. Ousterhout anasankha malo okhawo amene anali otsimikizika kuti adzakhalapobe munthu akadzafika.

Ndikamawerenga khodi, maso anga amayenda kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo mizere iwiri yoyandikana imandipangitsa kuganiza kuti ikuchitika pa nthawi imodzi. Pa mapulogalamu a pa terminal, amene amafunsa funso, kudikira yankho, kenako n'kupitiriza, kuganiza kotereku sikusokeretsa munthu, chifukwa function yofunsayo imaima chilili mpaka yankho litabwera, ma variable ake onse ali moyo. Ambirife tinaphunzirira kumeneko, ndipo maso athu anazolowera. Pulogalamu ya mawindo siyenda choncho. Mzere wopanga kabokosi ndi mzere wowerenga zimene zalembedwamo ikhoza kutalikirana ndi chala chimodzi chokha pa sikirini, koma pakati pake pali munthu amene sanasankhebe kuti adina liti batani. Munthu ameneyu saoneka mu khodi. Ndikuganiza kuti mavuto ambiri a scope pa timabokosi amachokera pa kusamuona iyeyo.

Pa ukwati pamakhala anthu ambiri ogwira ntchito: ophika, okongoletsa, oimba, oyendetsa mwambo. Dzuwa likalowa onsewa amabwerera kwawo, ndipo palibe amene amawadandaula, popeza ntchito yawo inali ya tsikulo. Ankhoswe okha ndi amene sasankhidwira tsikulo. Iwo ndi a zaka zonse zimene banjalo lidzakhale, chifukwa nkhani ikadzabuka kutsogolo, mbali ziwiri zija zidzafuna pokumanira. Variable yomangirira kabokosi ndi nkhoswe pakati pa sikirini ndi pulogalamu, ndipo kuibadwitsa mkati mwa function yomanga windo kuli ngati kusankha nkhoswe pakati pa alendo amene galimoto yawo inyamuka madzulo omwewo.

Mu Python nkhaniyi imabisala kwambiri. Python, imene Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, inabwereka Tk kuti ikhale chida cha mawindo choyenda nacho. Tkinter, yolembedwa ndi Steen Lumholt ndi van Rossum, kenako n'kukonzedwanso ndi Fredrik Lundh, imayendetsa Tcl yeniyeni mkati mwa pulogalamu ya Python n'kumatanthauzira pakati pa ziwirizi. IDLE, pulogalamu yolemberamo khodi imene imabwera ndi Python, inamangidwa ndi Tkinter yomweyo, ndipo ophunzira ambiri windo yawo yoyamba amaimangira pomwepo osadziwa kuti pansi pake pali chilankhulo china chokhala ndi malamulo akeake.

Ukalemba `dzina = StringVar()`, zinthu ziwiri zimabadwa. Kumbali ya Tcl kumabadwa variable ya global yopatsidwa dzina longowerengera: PY_VAR0, yotsatira PY_VAR1, choncho kumapitirira. Kumbali ya Python kumabadwa kanthu kakang'ono kosunga dzina limenelo, kokhala ndi `get` ndi `set`. Ukapereka `textvariable=dzina` kwa Entry, limene ndi dzina la kabokosi mu Tkinter, chimene chimaoloka kupita ku Tcl ndi mawu akuti PY_VAR0 okha basi. Kabokosi sikagwira kanthu ka Python kaja, sikadziwa n'komwe kuti kaliko.

Apa ndi pamene malamulo a zilankhulo ziwirizi amasemphana. CPython, Python imene ambirife timagwiritsa ntchito, imawerenga kuti chinthu chilichonse chagwiridwa pa malo angati. Chiwerengerocho chikafika pa 0, chinthucho chimachotsedwa nthawi yomweyo. Function yomanga windo ikabwerera, dzina la mkati lija limatha, StringVar imatsala yopanda woigwira, ndipo pochoka imachita zimene inalembedwa kuti ichite mu `__del__`: imafufuta PY_VAR0 kumbali ya Tcl, ndipo ma trace amene anaikidwa kuti aziyang'anira kusintha kwake amapitira pomwepo. Amene analemba zimenezi sanalakwitse. Akanapanda kutero, pulogalamu yotsegula ndi kutseka mawindo tsiku lonse ikanaunjika ma variable akufa mu memory. Python ikusesa pamene yaona kuti palibe mwini, Tk ikukhulupirira kuti dzina limene inapatsidwa lidzakhalapobe, ndipo iliyonse payokha ikuchita zolondola. Wolemba pulogalamu yekha ndi amene amaona mbali zonse ziwiri.

Chimene chimandiganizitsa kwambiri ndi mmene timabokosi tiwiri ta Tk timalandirira imfa imeneyi. Entry yakale, variable yake ikafufutidwa, imaipanganso pomwepo n'kuikamo mawu amene inali nawo. Pa sikirini sipasintha kanthu. Entry ya ttk, ya m'gulu la zida zooneka zamakono zimene zinalowa mu Tk 8.5 mu 2007 kuchokera ku ntchito ya Joe English yotchedwa Tile, siteteza munthu choncho: variable ikapita, mawu a m'kabokosi amapitanso. Ndiye fomu imene yakhala ikuoneka yabwino kwa zaka ikhoza kutaya mawu ake oyambira tsiku limene munthu wangosintha `tk.Entry` kukhala `ttk.Entry` pofuna kuti ioneke bwino. Iye amaganiza kuti ttk ndi imene yabweretsa vuto, pamene vutolo linalipo kuyambira tsiku loyamba, Entry yakale ikungoliphimba. Pa ziwirizi ine ndimakonda imene imayera. Chifundo cha Entry yakale chimasiya munthu ali ndi kabokosi kooneka kamoyo koma kamene StringVar yake inapita kale, ma trace ake nawonso anasiya kugwira ntchito mwakachetechete. Kuyera kwa ttk kumamuuza zoona pa tsiku loyesa, asanapereke ntchito kwa eni ake.

Vutoli limasokoneza mutu chifukwa silibwera nthawi zonse. Ngati mu fomu yomweyo muli batani lokhala ndi lambda yotchula StringVar ija, ndiye kuti pali woigwira, ndipo sichotsedwa. Mafomu awiri ooneka ofanana, ina imayenda, ina imayera, kusiyana kwake kuli pa mzere umodzi umene sunalembedwe n'cholinga chosunga chilichonse. Zithunzi nazonso zimasowa mwa njira yomweyi. PhotoImage yopangidwa mkati mwa function imachotsedwa function ikatha, Label n'kutsala yopanda chithunzi, ndipo Lundh, amene anamwalira mu 2021, anachenjeza za zimenezi m'zolemba zake za Tkinter. Kamzere kakuti `label.image = chithunzi`, kamene anthu ambiri amakakopera osadziwa ntchito yake, kalibe chochita ndi Tk. Kangopatsa chithunzicho woti achigwire.

Palinso kutaya variable ili moyo. Mu Python, kulemba `dzina = "Chikondi"` sikuika mawu m'kabokosi. Kumachotsa dzinalo pa StringVar n'kulimata pa mawu wamba, ndipo ngati mzerewo uli mkati mwa function ina, kumangopanga variable yatsopano ya mkati imene ifa function ikatha. Choyenera ndi `dzina.set("Chikondi")`. Pa maso kusiyana kwake n'kochepa, koma woyambawo ukusintha chimene dzina likuloza, wachiwiriwo ukusintha za mkati mwa chinthu cholozedwacho. Enanso amatsegula windo yachiwiri poitana `Tk()` kachiwiri. Kuitana kulikonse kumayambitsa Tcl ina yokhala ndi global yakeyake, ndipo StringVar yosauzidwa master, kutanthauza windo imene ndi kholo lake, imakabadwira mu Tcl yoyamba. Kabokosi ka pa windo yachiwiri kamamangirira ku PY_VAR0 ya kwawo, `get` n'kumawerenga PY_VAR0 ya kwina. Apa ngakhale global siithandiza, chifukwa ma global alipo awiri. Windo yachiwiri imayenera kukhala Toplevel.

Perl/Tk, imene Nick Ing-Simmons analemba, inatenga njira ina: m'malo mopereka dzina, umapereka reference, `\$dzina`, ndipo kabokosi kamagwira variable yeniyeniyo kotero kuti siifa ngakhale sub yomanga itatha. Njira imeneyi imatseka dzenje limodzi, koma munthu akalembanso `my $dzina` m'chigawo china, wapanga ina yatsopano imene kabokosi sikaidziwa. Ku PyQt nakonso windo yopanda kholo, yosungidwa mu variable ya mkati mwa function, imatha kuoneka kamphindi n'kuzimiririka. Zida zimasiyana, koma zonse zimafuna kudziwa kuti womanga akachoka, chinthucho chitsala m'manja mwa yani.

Mankhwala amene amabwera msanga m'maganizo ndi kuika zonse pa global. Amagwiradi ntchito, ndipo pa pulogalamu yaing'ono ya windo imodzi sindiona chifukwa chonyozera munthu amene wachita zimenezo. Zinthu zimavuta tsiku limene fomu yomweyo yatsegulidwa kawiri. Timabokosi tiwiri tomangiriridwa ku variable imodzi timasanduka kamodzi kooneka pawiri: ukalemba kumanzere, zilembo zimatulukanso kumanja. Pali nthawi imene zimenezi n'zimene ukufuna, monga pamene Label ikusonyeza zimene zikulembedwa mu Entry. Koma kalaliki amene watsegula mafomu a anthu awiri kuti awayerekeze safuna kuti dzina la mmodzi lilowe mu fomu ya mnzake.

Olemba Tcl anapeza njira zawo. Tcl 8.0, ya mu 1997, inabweretsa ma namespace, kotero kuti munthu akhoza kulemba `::fomu::dzina`, variable yokhalitsa ngati ya global koma yosasakanikirana ndi mayina a mbali zina za pulogalamu. Ambiri amagwiritsanso ntchito array imene kiyi yake ndi dzina la windo, monga `::zolemba($w,dzina)`, kuti windo iliyonse ikhale ndi malo akeake. Mu Python njira yodziwika ndi kupanga class yochokera ku Frame kapena Toplevel, n'kulemba `self.dzina = StringVar()`. Tkinter imasunga chida chilichonse pa mndandanda wa ana a kholo lake mpaka chitachotsedwa, ndiye windo ikakhala moyo, `self` ali moyo, variable nayonso ili moyo. Zilembo zisanu zokha zawonjezeka kutsogolo kwa dzina, koma zikunena chimene function yomanga sikanatha kunena: variable iyi ndi ya windo iyi, ndipo zaka zake ndi za windoyo. Ndimaona kuti pamenepa ndi pamene class imayamba kumveka kwa wophunzira. M'buku amaiona ngati mwambo wongowonjezera mizere. Pa fomu amaiona ngati malo okhawo amene moyo wake ndi wofanana ndi wa windo, wautali kuposa wa function, waufupi kuposa wa pulogalamu yonse.

Ndiyeneranso kunena kuti nthawi zambiri StringVar siifunika n'komwe. Ngati cholinga ndi kungowerenga mawu pamene batani ladinidwa, `entry.get()` imakwanira, bola kabokosiko ukasunge pamalo pofikirika. Zitsanzo zambiri zophunzitsira zimaika StringVar pa kabokosi kalikonse ngati lamulo, ndipo wophunzira amasenza chinthu china choti achisamalire popanda phindu. Ine ndimaitenga pokhapokha pamene zida ziwiri ziyenera kuonetsa mawu amodzi, kapena pamene pulogalamu iyenera kuchitapo kanthu chilembo chilichonse chikalembedwa.

Nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndimaisamala chifukwa cha munthu wa pa kiyibodi uja. Iye sadziwa za Tcl, sadziwa za PY_VAR0, ndipo si udindo wake kudziwa. Chimene ali nacho ndi sikirini. Akaona dzina limene walemba lili m'kabokosi, n'kudina batani, windo n'kutseka bwinobwino, amakhulupirira kuti zasungidwa, n'kuitana wotsatira pa mzere. Pulogalamu imene imagwa n'kutulutsa uthenga wofiira imamukwiyitsa, koma imamusiya akudziwa kuti ayenera kubwereza. Imene imasunga mawu opanda kanthu mwaulemu imamulanda mwayi umenewo. Mwini sitolo wolemba ngongole za makasitomala, mphunzitsi wolemba mayina a ana, mlembi wa gulu losungitsana ndalama, onsewa amadzazindikira patapita masabata, pamene pepala limene anakoperapo linatayidwa kale. Ndipo kawirikawiri amadziimba mlandu okha, kuganiza kuti mwina sanadine bwino.

Pali mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri, chifukwa pa tsiku loyesa siioneka ngati vuto. Variable ikhoza kufa msanga, koma ikhozanso kuchedwa kufa. Windo ikatsekedwa, Tk imachotsa kabokosi koma variable ya global imaisiya ili ndi mawu ake. Fomu yomweyo ikatsegulidwanso, kabokosi katsopano kamapeza variable ilipo kale n'kuonetsa zimene zili mkatimo. Wolemba pulogalamu, amene amayesa ndi dzina limodzimodzi nthawi zonse, mwina amaona ngati ndi thandizo. Koma pa kauntala pamene anthu akufika mmodzimmodzi, wachiwiri amaona dzina ndi nambala ya foni ya woyamba, ndipo kalaliki wotopa akhoza kusintha timabokosi titatu n'kuiwala kachinayi. Zosungidwazo sizikhala zopanda kanthu ayi, zimakhala zodzaza bwino, kungoti mbali ina ndi ya munthu wina, ndipo palibe amene angazikayikire poziwerenga.

Pofuna kupewa zimenezi, mu Tcl munthu amalemba `bind $w <Destroy>` n'kuikamo lamulo lofufuta ma variable a windo imeneyo ndi `array unset`. Pamafunika kusamala, chifukwa lamulo lomangiriridwa ku toplevel limaitanidwanso pamene kabokosi kalikonse ndi batani lililonse la mkati mwake likuchotsedwa, ndiye uyenera kuyang'ana `%W` kuti utsimikize kuti imene ikupita ndi windo yeniyeniyo. Mzere umenewu ndimaulemba nthawi yomweyo imene ndikulemba `-textvariable`, fomu isanakhale n'komwe ndi batani losungira.